Yankho kwa amalume pa nkhani ya dayamondi woyezera madzi

Amalume, mwaswera bwanji uko ku Ulongué ndi onse pakhomopo? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'kalasi, ndipo kuno ku Tete lero dzuwa silikuchita masewera. Ndamvera uthenga wanu kawiri. Mwati mwamva pa wailesi kuti dayamondi akuyeza magazi ndi kadontho kamodzi, ndiye mukufunsa ngati makina amenewo afika kuzipatala zathu, komanso ngati mtengo wa dayamondi ukwere, poti msuweni wanga akufuna kusiya munda wa mbatatesi apite kokumba miyala. Mundilole ndiyankhe ndi mawu, kulemba kungatalike.

Ndiyambe ndi za msuweni, chifukwa ndi zomwe zandikhudza. Dayamondi amene akunenedwayo sakumbidwa pansi ayi. Amapangidwa m'fakitale. Amatenga mpweya wa methane, kuutenthetsa kwambiri m'chipinda chotseka, kaboni wake n'kumagwera pang'onopang'ono pa kambewu ka dayamondi mpaka kukhala kachidutswa kaphanthiphanthi, kochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Kampani ina yodziwika pa ntchitoyi ndi Element Six, ya m'gulu la De Beers. Kaboni ameneyu ndi yemweyo ali m'malasha a ku Moatize, kusiyana kwake ndi mmene maatomu aimira pamzere. Ndiye mwala wotola kumtsinje, ngakhale utakhaladi dayamondi, akatswiriwa alibe nawo ntchito, chifukwa zosakanikira m'kati mwake sizidziwika.

Tsono chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti amamupanga ndi chilema chadala. Pamalo pena pamene payenera kukhala kaboni amaikapo atomu ya nayitrojeni, ndipo pambali pake pamatsala mpata, ngati gweru la munthu wotuluka dzino. Kamaloko amakatcha NV. Mukakawalitsa ndi nyali yamphamvu ya laser yobiriwira, kamabweza kuwala kofiira. Ndipo kufiirako kumakwera kapena kutsika malinga ndi mphamvu ya maginito imene ili pafupi, mothandizidwa ndi mafunde a microwave a pafupifupi 2.87 gigahertz. Ndiye kuti kachilemako ndi khutu. Kamamva maginito ofooka kwambiri, n'kutiuza ndi kuwala zomwe kamva.

Mwina mufunsa kuti m'madzi kapena m'magazi muli maginito anji. Alimo, amalume. Pakati pa atomu iliyonse ya haidrojeni pali kanthu kamene kamachita ngati kamaginito. Mukakaika m'maginito aakulu n'kukakankha ndi mafunde a wailesi, kamayamba kuzungulira mopendekeka, ndendende nguli ija munkatisemera tili ana, ikamapepesuka isanagwe. Liwiro la kuzungulirako limasintha pang'ono kutengera maatomu oyandikana nawo. Haidrojeni wa m'madzi ali ndi kaliridwe kake, wa mu shuga kake, wa mu kachasu kakenso. Inu mukakhala kumunda n'kumva ng'oma kudambwe, simusowa kuona kuti iyi ndi mbalule, iyo ndi mpanje. Chimodzimodzi. Njira imeneyi dzina lake ndi NMR. Anaitulukira Felix Bloch ndi Edward Purcell mu 1946, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1952. Makina a MRI ojambula m'thupi aja anabadwira pomwepo.

Vuto la makina akale a NMR ndi ukulu ndi njala yake. Maginito ake amafunika kuziziritsidwa ndi heliyamu wamadzi, kuzizira kofika pa madigiri 269 kunsi kwa ziro. Ndipo khutu lake ndi waya wokulungiza, umene umafuna madzi okwanira pafupifupi theka la mililita, tinene madontho khumi, kuti umve bwino. Mukaupatsa kanthu kochepetsetsa, ngati zam'kati mwa selo limodzi, waya uja ndi gonthi.

Apa ndi pamene dayamondi walowerera. Iye safuna kuziziritsidwa choncho, amagwira ntchito m'chipinda wamba. Ndipo madziwo amaikidwa pamwamba pake penipeni, kapena kudutsitsidwa m'kangalande kopyapyala ngati tsitsi, moti khutu lagunda pakhoma. Mu 2013 magulu awiri, lina ku Stuttgart ku Germany, lina ku kampani ya IBM ku California, anaonetsa kuti kachilema kamodzi kokha kangamve haidrojeni wa m'kamalo kosaoneka n'komwe ndi maikulosikopu wamba. Koma kumva kuti kuli ng'oma n'kwina, kusiyanitsa ng'omazo n'kwinanso. Zimenezo zinatheka bwino mu 2018 ku Harvard, m'gulu la Ronald Walsworth, pamene anasiyanitsa mankhwala m'madzi okwana mapikolita pafupifupi 10. Kuti mumvetse, tengani dontho limodzi muligawe pa 5 miliyoni, gawo limodzi ndi limenelo. Ine ndikamawauza ana a sukulu zimenezi amangoti kakasi, ndipo nanenso sindinazolowere.

Eya, pali china chimene chikutikhudza ife kuno. Kachilombo ka malungo kakamadya magazi kamasiya timiyala ting'onoting'ono totchedwa hemozoin, tokhala ndi ayironi, ndipo timakokedwa pang'ono ndi maginito. Mu 2019 gulu la Victor Acosta ku yunivesite ya New Mexico linajambula mphamvu ya timiyala timeneti pogwiritsa ntchito dayamondi yemweyu. Mankhwala monga chloroquine amagwira ntchito polepheretsa kachilombo kupanga timiyalato, ndiye kutha kutiona kamodzikamodzi kungathandize ofufuza mankhwala atsopano. Mwina ndi zimene a pawailesi ankakamba, n'kuzifupikitsa.

Koma pa funso lanu la chipatala, ndisakunamizeni. Izi zidakali m'malabotale a kafukufuku, pa matebulo odzaza ndi magalasi ndi mawaya, pomwe munthu akangogunda tebulo ntchito ya tsiku lonse yapita. Chinthu chikakhala chochepa kwambiri m'madzimo, monga mmene zambiri zimakhalira m'magazi, dayamondi amavutikabe kuchimva, ndipo kuyeza kumatenga nthawi yaitali. Ndicho chimene akulimbana nacho panopa. Ine ndimakhulupirira kuti phindu lake liyamba kuonekera kwa ofufuza maselo ndi mankhwala, ife odwala lidzatipeza pambuyo. Ndiye agogo akangotentha thupi nyengo ya mvula ino, musadikire za pawailesi, apite akabayidwe chala kuyezetsa malungo monga mwa masiku onse, kachipangizo kaja kamatulutsa zotsatira m'mphindi 15 kapena 20.

Za msuweni, chonde amalume, mumuuze andiimbire usiku uno ndikaweruka, ndilankhule naye ndekha. Mbatatesi zija zatsala pang'ono kukhwima, asazisiye chifukwa cha nkhani imene waimva theka. Ndipo akamakumba, thumba langa lija mulikweze chapa ya Loweruka, ndidzalidikira pa siteji.