Nyenyezi ikamathawa mu telesikopu, musathamangire kumasula magiya

Mmodzi mwa awerengi wanditumizira imelo, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: "Ndinagula telesikopu ya Newtonian (yogwiritsa ntchito galasi lobweza kuwala) ya mamilimita 130 kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito. Inabwera ndi equatorial mount (chida cha miyendo chimene telesikopu imakhalapo ndi kuzungulirapo) yokhala ndi kamota. Ndikaloza Jupiter, mphindi imodzi isanathe amakhala atatuluka kale mu eyepiece (kagalasi koyang'anirapo ndi diso), ndipo ndikayatsa mota ndiye amathawa msanga kuposa ndikazimitsa. Ndikangogwira kuti ndikonze focus, zonse zimanjenjemera. Kabuku kake kakuti ndiyambe ndapeza Polaris, nyenyezi ya kumpoto, koma ine ndimakhala kummwera kwa ikweta ndipo nyenyeziyo sindinaionepo. Kodi magiya anaphwanyika? Ndimasule ndione, kapena ndingoigulitsa?"

Zikomo kwambiri polemba. Musamasule, ndipo musagulitse. Pa zonse mwafotokozazi palibe ngakhale chimodzi chosonyeza kuti giya lawonongeka. Ndipotu mawu anu akuti mota ikayaka Jupiter amathawa msanga andikhazika mtima pansi, chifukwa akusonyeza kuti motayo ndi yamoyo, magiya akugwirana, ndipo mount ikuyenda. Kungoti ikuyenda chobwerera.

Dziko limazungulira kamodzi pa maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4 tikayerekeza ndi nyenyezi. Ndiye kuti thambo limaoneka likusuntha madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi zinayi. Ndi maso paokha simungazindikire, koma telesikopu imakulitsa chinthu pamodzi ndi kuyenda kwake komwe. Mukakulitsa ka 100 ndi eyepiece wamba, kachigawo ka thambo kamene mukuona ndi kotambalala pafupifupi theka la digiri, ngati kukula kwa mwezi wathunthu. Jupiter mukamuika pakati, mota ili chozimitsa, amafika m'mphepete pa mphindi imodzi. Mphindi imodzi imene mwatchulayo ndi imeneyi, ndipo si vuto ayi, ndi dziko likuzungulira. Tsono mota ikamakoka telesikopu kulowera kum'mawa pamene thambo likupita kumadzulo, maliwiro awiriwo amaphatikizana, Jupiter n'kutuluka pa masekondi 30 okha. Usiku wotsatira tengani wotchi muwerenge. Mukapeza kuti nthawi ya mota yoyaka ndi theka la nthawi ya mota yozimitsa, mwaligwira vuto.

Yang'anani pa kabokosi ka motayo kapena pa remote yake. Mupeza kaswichi kolembedwa N (kumpoto) ndi S (kummwera). Kumpoto kwa ikweta nyenyezi zimazungulira pole, malo a thambo amene sasuntha, mosemphana ndi mivi ya wotchi, kummwera zimazungulira motsatira mivi ya wotchi, choncho motayo iyenera kuuzidwa kumene ili. Kwa inu kakhale pa S. Onaninso kuti loko ya RA, ya axis (pozungulira) imene mota imakoka, mwaimanga, chifukwa ikakhala yomasuka mota imangolira koma telesikopu osaikoka. Mota zina zotsika mtengo zili ndi kabatani kopotokola kosinthira liwiro. Kameneko muzikakhudza pomaliza, zina zonse zikakhala m'malo.

Swichi yokha siimaliza nkhani. Mount ya mtundu umenewu inapangidwa pa nzeru imodzi, ndipo mukaimvetsa simudzafunanso kabuku. Thambo lili ngati ambulera yotambasula imene munthu akuizunguliza atagwira ndodo yake: nsalu yonse ikuyenda, koma pamene pali nsonga ya ndodo sipasuntha. Malo osasunthawo ndiye pole ya thambo. Mount yanu ili ndi axis ziwiri. Imodzi, ya RA, yomwe imatchedwanso polar axis, iyenera kuloza pa malo osasunthawo n'kukhala pomwepo usiku wonse. Ikatero, kuzungulira kumodzi kokha kwa pang'onopang'ono kumakwanira kutsatira nyenyezi iliyonse kuchokera potuluka mpaka polowa. Kapangidwe kameneka ndi kakale. Joseph von Fraunhofer wa ku Germany anamaliza telesikopu yaikulu ya ku Dorpat, komwe lero ndi Tartu ku Estonia, mu 1824, ndipo inkatsatira nyenyezi pokokedwa ndi makina onga a wotchi. N'chifukwa chake mpaka lero mount yokhala ndi chitsulo cholemera mbali inayo imatchedwa German equatorial.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi ichi: amaona Jupiter ali uko, n'kunyamula miyendo yonse kuitembenuzira komweko, kapena kumasula mabawuti a m'munsi kuti telesikopu iwerame. Ayi. Miyendo ndi mabawuti a m'munsiwo ntchito yawo ndi kuloza pole basi, ndipo mukamaliza simuzikhudzanso. Pofuna kupita pa nyenyezi mumamasula maloko awiri, ya RA ndi ya Dec (axis yachiwiri, yosunthira chubu kulowera ku pole kapena kutali nayo), n'kukankha chubu ndi dzanja. Poyamba zimakhala zachilendo, chubu chimapita mokhota ndipo eyepiece imathera pena povuta kufikapo. Pa Newtonian ingomasulani pang'ono ma ring ogwira chubu, muchipotokole mpaka eyepiece ibwere pabwino.

Za Polaris iwalani. Kabukuko kanalembedwera anthu a kumpoto, kumene nyenyezi yowalayo ili pafupi ndi pole, osafika ndi digiri imodzi yomwe. Munthu akadutsa ikweta kulowera kummwera, Polaris imabisika kunsi kwa dziko. Pole ya kummwera ilibe nyenyezi yowala. Ilipo Sigma Octantis, yotalikira pang'ono kuposa digiri imodzi kuchokera pa pole, koma kuwala kwake ndi kwa magnitude pafupifupi 5.5, kutanthauza kuti maso amangoiona movutikira kumalo a mdima weniweni. Pamene pali magetsi ambiri kapena fumbi m'mwamba, musataye nayo nthawi.

Njira imene ine ndimaikonda imayamba masana. Choyamba pezani latitude ya malo anu, kutanthauza madigiri amene mwatalikira kuchokera pa ikweta, foni iliyonse ya GPS ikuuzani. Pole imakhala m'mwamba ndi madigiri ofanana ndi latitude imeneyo: amene ali pa madigiri 30 kummwera, pole yake yakwera madigiri 30 kuchokera pamene thambo limakumana ndi dziko. Pambali pa mount pali sikelo ya manambala kuyambira 0 mpaka 90. Potokolani bawuti ya latitude mpaka kamuvi kafike pa nambala yanu. Poti munagula kwa munthu wina, musadabwe kupeza ili pa nambala ya kwina kumene. Pa mount zokhala ndi mabawuti awiri okankhana, masulani imodzi musanamange inayo. Mukakakamiza, bawuti imapindika, ndipo uku ndiye kuwononga kwenikweni.

Chachiwiri ndi kupeza kummwera kwenikweni. Kampasi imathandiza koma imanama, chifukwa imaloza kumene kuli mphamvu ya maginito osati pole, ndipo m'madera ena a dziko kusiyanako kumapitirira madigiri 20. Ikayandikiranso chitsulo cha mount imasokonekera. Dzuwa silinama. Zikani ndodo yowongoka pamalo athyathyathya pamene muziimika telesikopu. M'mawa ikani chizindikiro pa nsonga ya chithunzithunzi chake, ndipo ndi chingwe jambulani bwalo lozungulira ndodoyo lodutsa pa chizindikirocho. Chithunzithunzi chifupika masana, kenaka chiyambanso kutalika. Nsonga yake ikakhudzanso bwalo lija madzulo, ikani chizindikiro chachiwiri. Mzere wolumikiza zizindikiro ziwirizo ndi wa kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo wodutsa pakati pake mopingasa ndi wa kumpoto ndi kummwera. Imikani mount kuti polar axis igone motsatira mzere umenewo, mutu wake utaloza kummwera, ndipo lembani pansi pamene paponda mwendo uliwonse. Mawa lake mudzangoika miyendo m'zizindikiro, ntchito yatha.

Usiku mungatsimikize ndi Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda. Tengani utali wa mtandawo kuchokera pa nyenyezi ya Gacrux kumutu kufika pa ya Acrux kuphazi, muupitirize molunjika kanayi ndi theka. Pamene mwafikapo, pamalo ooneka ngati opanda kanthu, ndi pafupi ndi pole.

Mwina mukufunsa ngati njira ya ndodo ndi chingwe ingakwanire pa chida chotere. Poonera ndi maso, imakwanira bwino lomwe. Polar axis ikaphonya ndi digiri imodzi, nyenyezi imatenga pafupifupi ola lathunthu kuti ichoke pakati kufika m'mphepete mwa eyepiece yokulitsa ka 100 ija. Zimandimvetsa chisoni kuona anthu atataya usiku wonse wopanda mitambo akulimbana ndi mabawuti, kufuna kulondola kumene kumafunika kwa ojambula zithunzi okha, mpaka Saturn kulowa asanamuone.

Koma mukadzafuna kulondola kotero, nyenyezi yomwe ikuthawayo ndiyo idzakuuzani chochita. Njira yake imatchedwa drift alignment. Yatsani mota, sankhani nyenyezi imene yafika pamwamba penipeni pa ulendo wake, pafupi ndi ikweta ya thambo (mzere umene uli madigiri 90 kuchokera pa pole), muiike pakati. Musasamale ikamagwedera kum'mawa kapena kumadzulo, zimenezo ndi za mota. Yang'anani ngati ikutsetserekera ku pole kapena kutali ndi pole. Kuti mudziwe mbali ya pole mu eyepiece, kankhani chubu pang'ono kulowera ku pole, ndipo mbali imene nyenyezi zatsopano zikulowera ndi imeneyo. Nyenyezi ikamatalikira pole, polar axis yanu yapendekera kum'mawa, ibwezereni kumadzulo. Ikamayandikira pole, yapendekera kumadzulo. Mukakonza apo, pitani pa nyenyezi ina yomwe ili m'munsi cha kum'mawa. Imeneyo ikamatalikira pole, axis yatsika, ikwezeni. Ikamayandikira, yakwera kwambiri. Lamuloli ndi limodzi kumpoto ndi kummwera komwe, bola muziganiza za pole imene ili pamwamba panu. Sinthani pang'ono, dikirani mphindi zisanu, onaninso. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukagwira ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Tibwere pa kunjenjemera. Apa sindikubisirani: mount zambiri zimene zimagulitsidwa pamodzi ndi telesikopu zoyambira zimakhala zopepuka kuposa chubu chimene zasenza. Simungathetse kugwedera konse, koma mungakuchepetse kwambiri. Musatalikitse miyendo mpaka kumapeto, ikhale yaifupi ndipo inu mukhale pampando. Thireyi ya pakati pa miyendo si yoikapo ma eyepiece okha, ndiyo imalimbitsa miyendo, choncho imangeni. Pitani pa bawuti iliyonse, makamaka yaikulu ya pansi yogwira mutu wa mount. Imikani pa dothi kapena pa udzu, osati pa matabwa amene amagwedera munthu akaponda. Kupachika chinthu cholemera pakati pa miyendo kumathandizanso. Kenaka gogodani chubu ndi chala mukuyang'ana nyenyezi. Ikakhazikika pa masekondi awiri kapena atatu, zili bwino. Musakulitsenso mopitirira. Galasi la mamilimita 130 lingakulitse mpaka ka 260 mpweya ukakhala bata, koma mount yopepuka imatopa kale musanafike pamenepo, ndipo Jupiter wamng'ono wokhazikika amaonetsa mizere yake bwino kuposa wamkulu wovina.

Balansi ndi mbali ina imene anthu amailumpha, chonsecho kamota kakang'ono sikangakoke katundu wolemera mbali imodzi. Nthawi zonse yambani mwaika counterweight, chitsulo cholemera chija, chubu chisanakwere, ndipo pochotsa yambani ndi chubu. Kabawuti ka kumapeto kwa ndodo ya counterweight kasamasowe, ndi kamene kamateteza zala za kumapazi chitsulocho chikapulumuka. Ikani eyepiece ndi finder (katelesikopu kakang'ono kolozera), chotsani chivundikiro, gwirani chubu ndi dzanja limodzi, masulani loko ya RA ndipo goneketsani ndodo ija mopingasa. Sunthani counterweight mpaka mbali zonse zilemere mofanana. Mangani RA, masulani Dec, sunthani chubu m'ma ring ake mpaka chileke kugwera kutsogolo kapena kumbuyo. Ambiri timasiya mbali ya kum'mawa yolemerako pang'ono kwambiri, kuti mano a giya azikhala ogwirana pamene mota ikukoka. Amene ali pafupi ndi ikweta amakumana ndi vuto lina: polar axis imagona kwambiri moti counterweight imagunda mwendo. Mount zina zimalola kutembenuza mutu kuti ndodo igwere pakati pa miyendo iwiri, zina zimafuna chitoliro chokwezera mutu. Mukatembenuza, samalani kuti zonse zisagwere kutsogolo.

Ena amene mukuwerenga muli ndi mount za GoTo, zofufuza nyenyezi zokha ndi kompyuta, zimene zimaloza kolakwika. Musanaiimbe mlandu, onani zimene munaiuza. Ma handset (ma remote a mount zimenezi) ambiri, monga a SynScan, amafuna mwezi poyamba kenaka tsiku, choncho 03/10 kwa iwo ndi 10 March osati 3 October. Nthawi ikalakwika ndi ola limodzi, telesikopu imaphonya ndi madigiri 15. Onani time zone, onani daylight saving (kusintha wotchi ndi ola m'nyengo yotentha), onani E ndi W pa longitude, N ndi S pa latitude. Foni ikakupatsani 20.5, amenewo ndi madigiri 20 ndi maminiti 30, osati 50. Batire la 12 V likayamba kufooka, mount imachita zodabwitsa: kuima pakati pa ulendo, kulira mwachilendo, kuiwala alignment. Finder nayo muziilunzanitsa ndi telesikopu kukali kowala pa chinthu chakutali ngati nsonga ya mtengo, kutali ndi kumene kuli dzuwa, chifukwa kuliyang'ana kamodzi kokha mu telesikopu yopanda filter yoyenera kumawononga diso mpaka kalekale.

Nanga magiya amakhudzidwa liti? Mukapotokola chogwirira cha slow motion (chosunthira telesikopu pang'onopang'ono ndi dzanja) n'kuona kuti chikuyenda kaye chopanda kanthu telesikopu isanasunthe, imeneyo ndi backlash, kampata ka pakati pa giya lalikulu ndi worm, kachitsulo konga bawuti kamene kamalizunguliza. Kampata pang'ono kayenera kukhalapo. Mukakathetseratu, magiya amamangana pena ndipo mota imalephera kukoka. Palinso kugwedera kwa pang'onopang'ono kumene kumabwerezabwereza nthawi iliyonse worm ikazungulira kamodzi, pafupifupi mphindi 10 pa giya la mano 144 ngati la mount ya mtundu wa EQ5. Ojambula zithunzi ndi amene amavutika nako, inu ndi maso simudzakuona. Ngati swichi ili pa S, pole mwailoza, balansi ili bwino, batire ndi latsopano, koma chubu chikugwederabe mukachigwira maloko ali omanga, pamenepo ndiye mungasinthe timabawuti togwira worm. Potokolani pang'ono kwambiri, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi, kenaka zungulizani axis yonse ndi dzanja kuti mumve ngati palibe pamene pakulimba. Mukapeza polimba, bwezerani pang'ono. Mukayesa zimenezi mundilembere nthawi ziwiri zija, ya mota yozimitsa ndi ya mota yoyaka, komanso mbali imene Jupiter akutulukira.