Musanakwere boti la ku Green Island

Abale anga amene mwangofika kumene ku Queensland m'dziko la Australia, tchuthi chikayandikira anzanu a kuntchito adzakukokani kuti mukaone Green Island. Pitani ndithu, koma mumve kaye izi.

Kachilumbaka kali pa mtunda wa makilomita 27 kuchokera mumzinda wa Cairns, ulendo wa mphindi pafupifupi 45. Ngati mumachita chizungulire pamadzi, mweranitu mapilitsi musanakwere, chifukwa mseru ukayamba palibenso chothandiza. Dzina la kachilumbaka anapereka ndi James Cook, woyendetsa sitima wa ku Britain, mu 1770. Kanapangika ndi mchenga komanso zidutswa za korali zimene mafunde anaunjika pamwamba pa Great Barrier Reef, mtandadza waukulu wa korali wa m'nyanja ya kuno, ndipo mutha kukazungulira wapansi osatopa n'komwe.

Korali imene mudzaione pansi pa madzi si miyala ayi, ndi tinyama tamoyo tomwe timakula pang'onopang'ono. Mukaiponda mwaipha, nayonso ikuchekani, ndipo bala lake silichedwa kutukusira. Mukatopa kusambira yandamani chagada kapena fufuzani pamchenga. Chigoba chokongola chosongoka kumapeto chisiyeni pomwepo, chifukwa nkhono zina zam'nyanja zili ndi ululu woti n'kupha munthu. Ndiponso malowa ndi otetezedwa, kutola korali kapena zigoba n'kuphwanya lamulo.

Koma nkhani yaikulu ndi ya jellyfish, tinyama tam'nyanja tofewa tokhala ndi ululu, makamaka kuyambira Novembala mpaka Meyi. Ya mtundu wa Irukandji ndi yaing'ono ngati chikhadabo, m'madzi simungaione. Akakupatsani suti yothina yoteteza ku jellyfish, yofika m'mapazi ndi m'manja, valani. Ndikudziwa, bambo wamkulu ndi mimba yake amaoneka zoseketsa, koma aliyense pagombepo amakhala atavala yomweyo. Chinthu chikakulumani tulukani m'madzi, musatikite, thiranipo viniga, n'kuitana oyang'anira gombe. Msana ukayamba kuwawa kwambiri kapena thukuta likamangotuluka pakapita mphindi zingapo, limenelo ndi vuto la kuchipatala. Nambala yangozi kuno ndi 000.

Za dzuwa musanamizidwe kuti khungu lakuda silipsa. Limapsa, makamaka pamapewa ndi kuseri kwa miyendo pamene mwagona chafufumimba kuonerera nsomba.

Chakudya chanu chisungeni m'chikwama chotseka. Pali timbalame tina toyenda pansi topanda manyazi, timatsomphola pambale muli pomwepo. Ndipo nthawi ya boti lomaliza muifunse mukangotsika, chifukwa malo ogona pachilumbapo ndi ochepa, mtengo wakenso si wa munthu wongoyamba kumene ntchito.