Kambalame ka pa mpanda wanu ndi timba wa mchira wautali

Achemwali, mwafunsa dzina la kambalame kotuwa kamene mwakajambula pa mpanda wa dimba lanu, kamene mukuti kamangolira mawu amodzimodzi mchira uli m'mwamba. Ena ayankha kale kuti ndi mpheta, ena akuti phwiti. Ine ndikukana zonse ziwiri, ndipo umboni wanga ndi mlomo. Kuzani chithunzicho muone: ndi woonda, wosongoka ngati munga, wogwirira tiziwala, mbozi ndi akangaude m'masamba. Mbalame zodya mapira ndi njere za udzu mlomo wake umakhala waufupi, wonenepa.

Kwathu timangoti timba. Koma dzinali timalimwaza pa timbalame tambiri totuwa ta m'tchire, ndiye kuti tisasokonezane, m'mabuku a mbalame kanuko kamalembedwa kuti tawny-flanked prinia, pa Chilatini Prinia subflava, dzina lochokera kwa Gmelin, katswiri wa zachilengedwe wa ku Germany, mu 1789. Kamapezeka pafupifupi mu Africa yense kumwera kwa chipululu cha Sahara, m'zitsamba zosakanikirana ndi udzu wautali, m'mbali mwa madambo, m'minda yogonera, ngakhale kuseri kwa nyumba m'tauni. M'nkhalango yothithikana simukaona. Kutalika kwake ndi masentimita 10 mpaka 13, koma pafupifupi theka lake ndi mchira, ndipo kulemera kwake ndi cha m'ma magalamu 9 basi.

Mchirawo ndiye chiphaso chake. Ndi wautali, wowonda, nthenga zapakati zazitali kuposa zam'mbali, ndipo mukauonera kunsi nthenga iliyonse ili ndi kadontho kakuda pafupi ndi nsonga yoyererako. Sukhazikika. Kakatera kamaunyamula njo, kenako kuugwedezera uku ndi uku ngati wangolumikizidwa ndi ulusi. M'chilimwe umatalikirapo kuposa nthawi yoswana. Pamwamba pa diso pali kamzere koyera ngati nsidze, kukhosi ndi pachifuwa n'koyera, m'nthiti mofiirira pang'ono ngati tiyi wamkaka. Katambala ndi kathadzi n'tofanana, musavutike kutisiyanitsa.

Pomwe ambiri timaphonya ndi pamsana. Pali abale ake otchedwa cisticola, mitundu pafupifupi 50, ndipo amazunguza mutu ngakhale akatswiri. Wodziwika kwambiri m'tchire la zitsamba ndi rattling cisticola: msana wake uli ndi mizeremizere yakuda, pamutu m'pofiirira, mchira ndi wofupikirapo, ndipo amakhala pansonga penipeni pa chitsamba n'kumakalipa, "chi chi chi" kenako "chrrrr". Kanu msana ndi wosalala, wopanda mzere ndi umodzi womwe, ndipo kulira kwake ndi "przzt przzt przzt" kobwerezabwereza, ngati munthu akukanda chipeso ndi chala. Ine ndinatha zaka ndikuziyesa mbalame imodzi ziwirizi, mpaka tsiku lina zinatera pa chitsamba chimodzi ine ndikupalira chimanga.

Mwatinso kakumalowa mu nsenjere katanyamula udzu. Kakumanga chisa kameneko, poti nyengo yake ndi ya dzinja. Kamang'amba masamba a udzu wauwisi kukhala timizere, n'kuluka kathumba kokhala ndi khomo chapamwamba cham'mbali, n'kukamangirira ku masamba, kawirikawiri kosapitirira mamita awiri kuchokera pansi. Mazira ndi awiri mpaka anayi, ndipo amaswa pakatha pafupifupi milungu iwiri.

Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo pa mbalame iyi mawuwa akwanira kuposa momwe ankaganizira. Mukasuzumira zisa zingapo mudabwa: china mazira oyera, china abuluu, china ofiira ngati njerwa, china obiriwira modera, onse ali ndi mawanga ndi timizere topiringizika ngati mwana waseweretsa bolopeni. Kathadzi kalikonse kali ndi kalembedwe kakekake ka pa dzira, monga siginecha, ndipo sikasintha. Chifukwa chake ndi mbalame ina yakuba yotchedwa cuckoo finch, pa Chilatini Anomalospiza imberbis. Tambala wake ndi wachikasu, thadzi ndi lotuwa la mizeremizere, ndipo sizimanga chisa. Thadzi limazembera mwini atachoka, kuchotsa dzira, n'kuikirapo lake lofanana nalo. Mwana wake akaswa amalanda chakudya chonse, ana a mwini chisa n'kufa ndi njala. Choncho timba amayang'anitsitsa mazira ake, ndipo limene lasiyana mtundu kapena mawanga amaliboola n'kulitaya kunja.

Izi zinafufuzidwa pafupi pompa, m'mafamu a ku Choma ku Zambia, ndi akatswiri a sayansi Claire Spottiswoode ndi Martin Stevens, mothandizidwa ndi anthu a m'deralo odziwa kusaka zisa. Ankasinthanitsa mazira m'zisa n'kumaona limene litayidwe. Anapezanso kuti cuckoo finch imodzi nthawi zina imaikira mazira angapo m'chisa chimodzi, mwini chisa n'kusokonezeka kuti akewo ndi ati. Chimene chimandisangalatsa ine n'cha mu 2022: Spottiswoode ndi anzake ena anaonetsa kuti cuckoo finch imatengera mtundu wa dzira kuchokera kwa mayi ake okha, ndipo mazira obiriwira modera aja yalephera kuwakopera. Timba woikira otero ali patsogolo pa mpikisano, pakadali pano.

Ndiye nsenjere ya pakona ija musaidule kaye, muipatse mwezi umodzi, ndipo anyamata a malegeni muwauze kuti mbalame ya magalamu 9 si ndiwo. Mukafuna kusuzumira, dikirani mayi achoke yekha, muyang'ane kamodzi mwachangu, osagwira, osapondereza udzu wozungulira, chifukwa kanjira kamene mungasiye ndi komwe amphaka adzatsate. Mukatero mudzatiuze mtundu wa mazirawo. Ine obiriwira aja sindinawaonepo ndi maso angawa.