Funsani za Makobidi Akale: Zogula Mwaphuma ndi Ndalama Zotha

*Ndinagula matiki, masheleni ndi mahafukoroni a Rhodesia and Nyasaland okwana 40 kwa munthu wina pamsika. Anati ndi asiliva ndipo azungu amawafuna kwambiri. Ambiri nkhope ya mfumukazi sikuoneka bwino. Kodi ndataya ndalama zanga?* Bambo wa ku Mulanje

Pepani bambo, siliva mulibemo. Ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zimene zinkayenda m'manja mwa anthu, zolembedwa zaka za 1955 mpaka 1964, kuyambira tiki mpaka hafukoroni, ndi zamkuwa wosakaniza ndi nikelo. Kuyera kwake n'kumene kumapusitsa. Makobiri aja a chiboo pakati, la njovu ndi la nyamalikiti, ndi amkuwa.

Siliva mumupeza mukabwerera m'mbuyo, ndipo chaka n'chimene chimanena. Ndalama za Britain zofika 1919 zili ndi magawo 925 a siliva pa 1,000. Za 1920 mpaka 1946 zili ndi theka. Kuyambira 1947 mulibe. Za Southern Rhodesia zinasiyanso siliva mu 1947. Za South Africa, zimene makolo ankabwera nazo pochokera ku migodi, zili ndi magawo 800 kuyambira 1923 mpaka 1950, kenako theka kuyambira 1951 mpaka 1964. Ndalama yasiliva ikatha kwambiri imagulidwa ngati chitsulo basi. Hafukoroni ya Britain ya 1930 yosatha imalemera magalamu 14.14, ndiye kuti siliva wake ndi magalamu 7.07. Gawani 7.07 ndi 31.1, amene ndi magalamu a aunsi imodzi ya siliva, muchulukitse ndi mtengo wa aunsi ya siliva pa tsikulo. Yotha muiyeze pa sikelo chifukwa imapepukako, ndipo wogula adzadulaponso phindu lake.

Zanuzo zilibe siliva wozipatsa mtengo, choncho mtengo wake wagona pa maonekedwe. Tengani galasi lokulitsa zinthu kakhumi, muyang'ane pamalo otukuka chifukwa m'pamene pamayamba kuperepeseka: masamba a nkhata ya kumutu kwa mfumukazi, tsitsi la pamwamba pa khutu, phewa la mphalapala pa sheleni, nthenga za pachifuwa cha nkhwazi pa ndalama ya masheleni awiri. Ngati masambawo akuwerengeka limodzilimodzi, ndalamayo isungeni. Ngati mutu wangotsala chithunzithunzi, osonkhanitsa amagula zotere pamulu. Musanataye mtima yang'anani zaka za mahafukoroni: ya 1957 ndi yosowa, imafunidwa ngakhale itathako.

*Malemu amuna anga anasiya masheleni a 1964 a nkhope ya Kamuzu ndi matambala a 1971. Anada, ndiye ndinawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kuwala. Wogula atawaona anatsitsa mtengo. Walakwa ndani?* Mayi wa ku Kasungu

Wogulayo sanakubereni mayi. Ndalama akamaisula, chitsulo chimafinyidwa mwamphamvu n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso tochoka pakati kupita m'mphepete. Timizereto n'timene timachititsa kuti ndalama yatsopano, mukaipendeketsa pa nyali, kuwala kwake kuzizungulira. Phulusa, mchenga, sitiliwulu ndi mankhwala opukutira mkuwa zimasesa khungu limenelo n'kusiya zokala zopita mbali imodzi. Ndimu, viniga ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimadya chitsulo. Tambala imodzi kapena ziwiri za 1971, zomwe ndi zamkuwa, zimasanduka zofiirira motuwa, mtundu umene wodziwa amauzindikira ali chapatali. Zikatero palibe chobwezera. Kuda kuja kumene munachotsa osonkhanitsa amakukonda, chifukwa ndi umboni woti ndalamayo sinakhudzidwe.

Ngati zilipo zina zimene simunazitsuke, zisiyeni momwemo. Pa sheleni ya 1964 ndi 10 tambala onani chimanga: maso ake akamaoneka lililonse palokha, ndalamayo ili bwino. Pa 20 tambala onani khutu la njovu yaikulu. Matope okha ndiwo ochotsa. Viikani ndalama m'madzi osungunula aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi, kwa tsiku limodzi kapena awiri, itsukuluzeni, muiike pa nsalu yofewa n'kuigunditsa pang'onopang'ono osaipukuta. Poigwira, gwirani m'mbali. Thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka pa mkuwa.

*Ndinagula pa intaneti ndalama ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi ya mayi wonenepa yolembedwa 1780, ina ndi dola ya America ya 1804. Ndingazigulitse kuti?* Mnyamata wa ku Lilongwe

Achimwene, apa pali nkhani ziwiri zosiyana. Mayiyo ndi Maria Theresa wa ku Austria, amene anamwalira mu 1780. Amalonda a ku Ethiopia ndi Arabia ankaikhulupirira kwambiri ndalama imeneyi moti anapitiriza kuisula osasintha chaka, ku Vienna, komanso nthawi zina ku London, Paris, Rome ndi Bombay. Zilipo mamiliyoni mazanamazana ndipo ku Vienna akuisulabe. Choncho 1780 sikutanthauza kuti ndi yakale. Ikakhala yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 28.07, siliva wake ndi magawo 833 pa 1,000, ndipo mtengo wake suchoka patali ndi wa silivayo.

Dola ya 1804 ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zenizeni zodziwika padziko lonse zilipo 16 zokha, ndipo nazonso sizinasulidwe mu 1804 koma m'zaka za m'ma 1830 ndi pambuyo pake. Iliyonse imadziwika kumene ili. Yanuyo ndi yachinyengo, palibe chifukwa chokunamizani.

Ya Maria Theresa iyeseni motere. Yambani ndi maginito: siliva sakokedwa, ndiye ikamatirira nkhani yathera pomwepo. Ikapanda kumatirira musasangalale msanga, mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa. Pitani nayo pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ngati ya osula mphete. Ndalama yooneka yosatha koma yoperewera galamu yathunthu ndi yabodza. Achinyengo ena amakwanitsa kulemera poinenepetsa, choncho yezaninso kukula ndi kuchindikala kwake muyerekeze ndi yeniyeni. Kenako galasi: zoumbidwa m'chikombole zimakhala ndi timaenje ngati ta singano, zilembo zobuntha, ndi kamzere kozungulira m'mbali pamene zikombole ziwiri zinakumana. Mukaiika pansonga ya chala n'kuigogoda pang'ono ndi pensulo, yasiliva imalira motalika, yamtovu imangoti phu. Musaikale ndi mpeni kapena kuidonthezera asidi. Ikapezeka kuti ndi yeniyeni mudzakhala mutaiwononga nokha.

Maginito asakusokonezeni pa ndalama zamakono. Zambiri, kuphatikizapo za kuno kwathu za zaka zaposachedwa, ndi zachitsulo chokutidwa, ndipo zimakokedwa ngakhale zili zenizeni.

*Kuno ku Joni ndinagula ma R5 a Mandela a 2008 khumi pamtengo wokwera. Anati adzakwera kwambiri.* Mlongo wa ku Johannesburg

Ndalama imeneyi inatuluka pokumbukira kuti Mandela wakwanitsa zaka 90, ndipo anasula pafupifupi 22 miliyoni kuti ziziyenda m'masitolo. Mitengo yodabwitsa imene mumamva ndi ya zochepa zimene sizinakhudzidwe n'komwe, zoyesedwa ndi makampani monga NGC kapena PCGS n'kutsekeredwa m'pulasitiki yolimba. Iwo amagwiritsa ntchito muyeso wa Sheldon wa 1 mpaka 70, ndipo kusiyana kwa 64 ndi 67 maso wamba sakuona, koma mtengo umasiyana kutalitali. Yochokera pa chenji, yokalikakalika, ndi R5 basi chemwali. Kuitumiza kuti akaiyese kungadye ndalama zoposa mtengo wake.

*Makobiri anga ndinawaika m'timatumba tapulasitiki tofewa. Tsopano ena ali ndi zobiriwira zonanda, ena ufa wobiriwira. N'chiyani?* Mphunzitsi wa ku Nkhata Bay

Aphunzitsi, awa ndi matenda awiri. Zonandazo zachokera ku pulasitiki ya PVC. Mankhwala oifewetsa amatuluka kukatentha, ndipo akakumana ndi chinyezi, ngati cha kunyanjako, amayamba kudya mkuwa. Pulasitiki yotere imanunkha ngati mpira watsopano wa ana ndipo siuma mukaipinda. Chotsani makobiri onse lero. Thirani acetone weniweni, osati wochotsera utoto wa zikhadabo amene amakhala ndi mafuta ndi zonunkhiritsa, m'kabotolo kagalasi. Viikani kobiri limodzi kwa mphindi zisanu, lisamutsireni mu acetone wina woyera, kenako liume lokha. Chitirani panja, kutali ndi mbaula ndi ndudu, chifukwa acetone sachedwa kuyaka. Mukaona timaenje pamene panali zonanda, n'kuti chitsulo chinadyeka kale.

Ufa wobiriwira motuwa, woyoyoka mukaukhudza ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndi woopsa kuposa. Umayamba ndi mchere umene unalowa mumkuwa, kawirikawiri pa makobiri ofukulidwa m'nthaka, ndipo ukapeza chinyezi umapitirira kukumba. Lipatuleni kobiri lotere, chotsani ufawo ndi kamtengo, liviikeni m'madzi osungunula muzisintha madziwo tsiku lililonse kwa milungu ingapo, kenako liumitseni kwambiri. Zobiriwira zolimba, zosalala, zosayoyoka, zisiyeni, zimenezo zimateteza.

Posungira gulani timakatoni ta mainchesi awiri mbali zonse tokhala ndi zenera la Mylar, pulasitiki yopanda PVC. Mukamenya sitepulo, iphwatalitseni ndi pulayala kuti isakale kobiri loyandikana nalo. M'bokosi ikanimo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, timene timabwera m'makatoni a nsapato.

*Nanga ndalama zobooledwa kapena zomatidwa kamphete?* Wowerenga wa ku Chipata

Chiboo chimene chinabwera ndi ndalama, ngati cha makobiri a chitaganya, si vuto. Choboola munthu kuti avale m'khosi chimagwetsa mtengo kwambiri, ndipo kuchitseka ndi mtovu kumaonjeza kuipa. Yasiliva igulitseni pa kulemera kwake. Yamkuwa ikhale yogwirizira malo m'bokosi mpaka mutapeza yabwino ya chaka chomwecho, ndipo pogula yolowa m'maloyo pemphani zithunzi zitatu: kumaso, kumbuyo ndi m'mbali, zojambulidwa pa kuwala kwa dzuwa ndalama itapendekeka pang'ono, chifukwa chithunzi cholunjika chimabisa zokala ndi pamene anatseka chiboo.