Ana a matsenga m'nthano yako ayambe aphunzira kugwa

Mphwanga, ndamva funso limene wafunsa m'gulu la banja lino, loti ngati ana a m'nthano imene ukulemba amabadwa ndi mphamvu za matsenga, pali chifukwa chanji choti aziphunziranso kumenyana ndi manja okha. Ine ndikuti chifukwa chilipo, ndipo nthano yako idzalimbira pamenepo.

Mwana wa zaka 6 sanadziwe kuugwira mtima, moti akapsa mtima amaponya chilichonse chimene chili m'manja mwake. Tsono ngati mwana wotere angathe kuyatsa moto ndi mawu okha, m'mudzi mwawomo simungatsale nkhokwe ngakhale imodzi, choncho akuluakulu a dziko limenelo ayenera kukhala ndi njira yomuwongolera mphamvuzo zisanakule. Njirayo ikhale masewera omenyana opanda zida. Mu judo, masewera ogwirana ndi kugwetsana amene Jigoro Kano anayambitsa ku Japan mu 1882, wophunzira amayamba ndi kuzolowera kugwa mosavulala, ndipo amaweramira mnzake asanagwirane komanso akamaliza. Mwana amene wagwetsedwa kambirimbiri amadziwa kuwawa kwake, ndipo sathamangira kupweteka wina. Nayenso Samson Muripo wa ku Zimbabwe kuno, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa karate ya Kyokushin mumzinda wa Osaka ku Japan mu 2009, anafika pamenepo atabwereza zinthu zomwezomwezo kwa zaka zambiri. Ukapeza mpata, pita ukaonerere ana akuphunzira karate muno mu Harare, uone mmene mphunzitsi amawaimitsira nkhonya ili m'malere.

Matsengawo azimutopetsa mwanayo, azimva njala ndi chizungulire akawagwiritsa ntchito, kuti tsiku limene mphamvu zamuthera mdani ali pafupi, owerenga aone zimene manja ndi miyendo yake zinaphunzira.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikukupempha ndi mtima wonse: mphamvu za anawo usazitche ufiti. Kwathu ku Malawi lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe ana ena amenyedwa ndi kuthamangitsidwa pakhomo chifukwa chonamiziridwa zimenezo. Nthano yako idzawerengedwa ndi adzukulu athu a ku Mbare ndi ku Mabvuku muno mu Harare, ndiponso ndi abale akumudzi, choncho zipatse dzina lakelake, ndipo zionekeratu kuti dzikolo ndi lopeka.