Ndinasintha voti kawiri, suweji n'kudzandilowera m'nyumba

Achimwene, ndawerenga zomwe mwalembazi mtima wanga n'kuyamba kugunda ngati zinachitika dzulo. Mukuti anthu kwanuko atopa nacho chipani chomwe akhala akuchivotera, zinyalala zaunjikana kuseri kwa maloji, madzi akumatuluka usiku wokha, ndiye mukufuna mudziwe ngati kupatsa ena voti kungasinthe kanthu. Ine ndinasintha kawiri. Ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Ndili ndi kanyumba kogona alendo, zipinda 6 basi, mumsewu wachiwiri kuchokera kugombe. Mawu akuti wachiwiriwo muwasunge. Msewu woyamba ndi wa mahotela akuluakulu. Umenewo amausesa kusanache, magetsi ake onse amayaka, dzenje likaoneka lero mawa alikwirira. Ife a kumbuyo ndi amene timachapa zofunda za m'mahotelamo, kulondera usiku, kuyendetsa maboti, ndipo ndi ife amene timaima pamzere tsiku lovota. Mlendo savota. Eni mahotela ambiri sakhala kuno, ana awo samwa madzi a pampope wathu. Koma ndalama za khonsolo zimapita kumene kamera ya mlendo yaloza.

Paipi ya suweji yodutsa kuseri kwa mpanda wanga inayamba kudontha miyezi ingapo tchuthi chachikulu chisanafike. Ndinakanena ku khonsolo. Anandilembera nambala pakapepala, amvekere tikutumizirani anyamata. Ndinabwererako, anandipatsa nambala ina. Timapepala timeneto ndikadali nato m'kabati, tilipo 5. Pamenepo n'kuti nditatenga ngongole yopentera nyumba ndi kugula matiresi atsopano, chifukwa inu mukudziwa kuti kumalo ngati kwathu kuno ndalama ya chaka chonse imapezeka m'masabata ochepa amenewo. Ukawaphonya, wagona ndi njala mpaka chaka chamawa.

Usiku umenewo zipinda zonse zinali zodzaza. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi fungo. Ndisanadziwe kuti likuchokera kuti ndinamva chimbudzi chikuchita kubwadamuka chokha, popanda munthu wochigwira. Nditatsegula chitseko cha kukhonde ndinaponda ndi phazi lopanda nsapato, n'kumva zofunda, zoterera. Madzi akuda bii, mapepala akuyandama, akutuluka pansi pa chitseko cha chipinda chachitatu. Anali akutumphuka pa kabowo kotulukira madzi m'bafa ngati kasupe. M'chipindamo munali banja, bambo, mayi ndi khanda. Ndinagogoda, bambo uja n'kutsegula osayankhula kanthu. Mayi anali ataimirira pabedi, mwana atamukumbatira pachifuwa, chikwama chawo cha zovala chili pansi chitanyowa mpaka pakati. Timasokosi ta mwana tinkayandama pafupi ndi mwendo wa bedi. Timasokosi timeneto mpaka lero ndimationa ndikatsinzina. Akanandikalipira mwina zikanandipepukira. Mayi uja anangondiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, tithandizeni tichoke."

Ndinagwada pansi ndi ndowa n'kuyamba kukapa. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 14, anagwira tochi ndi dzanja limodzi, linalo akukankha madzi ndi tsache. Mnyamata wondithandiza ntchito anamanga malaya ake pamphuno. Tikakapa ndowa imodzi, pabowo paja patuluka ziwiri. Ndinaimba nambala ya zadzidzidzi ya khonsolo, inangoitana mpaka kuduka yokha, kasanu konse. Kenako ndinaimbira a khansala athu. Foni inaitana kawiri n'kudulidwa. Nditayesanso inali yozimitsa.

Munthu ameneyo ndinamuyendera khomo ndi khomo nthawi ya kampeni. Misonkhano yake iwiri inachitikira pabwalo langa, mipando yanga, magetsi anga, osamulipiritsa. Amayi a mumsewu mwathu amene ankakayika ndinawanyengerera ndine, ndimvekere uyu ndi mwana wa konkuno, si wachipani, fungoli amalimva naye akamagona. Ndipo paipi ija anaiona, anaima pamenepo ndi nsapato zake zonyezimira n'kunena kuti ikhala ntchito yake yoyamba.

Pofika 7 koloko m'mawa zipinda zonse zinali mbee. Aliyense ndinamubwezera ndalama yake, ina ndinachita kubwereka kwa mlongo wanga pafoni. Mlendo wina anajambula khonde lija n'kuika pa intaneti pamodzi ndi dzina la nyumba yanga. Sindimuda, nanenso ndikanatero. Koma pa chithunzipo sipanalembedwe kuti paipi ndi ya khonsolo. Panalembedwa dzina langa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Tsiku lachiwiri, zonyansa zikadali pabwalo, ntchentche zili ng'waa, ndinaona galimoto yopopa suweji itaima mumsewu woyamba, pahotela ina yaikulu. Ndinathamangira komweko ndi zovala zomwe ndinagona nazo. Dalaivala anandimvera chisoni, ndinaona pankhope pake, koma anati, "Mayi, atiuza kuti tiyambe kuno, kukubwera akuluakulu kumsonkhano." Kwanga inafika tsiku lachinayi. Pamenepo n'kuti mwana wanga atayamba kale kutsegula m'mimba ndi kusanza, ali pa diripi kuchipatala. Mwana amene ndinamudzutsa ndekha kuti adzandigwirire tochi. Zimenezo sindidzadzikhululukira, ndipo khansala uja sindidzamukhululukiranso. Anadzabwera patatha sabata ziwiri, ali ndi womujambula, kudzaloza paipi ija ngati waitulukira ndi iyeyo.

Mukudabwa kuti anali kuti usiku umenewo? Anali kokambirana za mipando. Paja poyamba dera lathu lonse linkavotera chipani chimodzi, kuyambira makolo athu. Zinyalala zitafika posauzana tinachitaya n'kuvotera china, ameneyo ndiye anali ulendo wanga woyamba kusintha. Sizinatheke. Chisankho chotsatira ndi pomwe tinati zipani zonse zipite, tiike woima payekha. Mavoti atawerengedwa, palibe chipani chomwe chinapeza makhansala okwanira kulamulira chokha. Ndiye munthu wathu uja anasanduka golide. Mbali iyi ikumuitana, mbali inayo ikumuitana. Anapereka voti yake kwa amene anamupatsa wapampando wa komiti ndi galimoto. Patapita miyezi anadumphira kwina, meya n'kugwa. Meya watsopano anabwera ndi anthu ake m'maofesi, kontrakitala yemwe anapatsidwa ntchito yokonza mapampu n'kuimitsidwa, tenda n'kuyambiranso. Pampu yokankha suweji ya kumunsi kwathu inakhala yakufa nthawi yonseyo. Ndinadzamva kwa injiniya wina wa khonsolo yomweyo, munthu wabwino wotopa ndi ntchito, kuti pampu ikafa zonyansa zimabwerera m'mapaipi n'kutulukira panyumba yomwe ili motsika kuposa zonse. Nyumba imeneyo inali yanga.

Bambo yemweyo ndi amene ananditsegula maso. Anati mapaipi athu anaikidwa tawuni ili yaing'ono. Chaka chilichonse khonsolo imavomereza zipinda zatsopano, maloji atsopano, chifukwa chilichonse chimabweretsa msonkho ndi ndalama ya laisensi. Koma paipi ndi yomwe ija. Nthawi ya tchuthi anthu amachuluka koopsa, aliyense akusamba kawiri patsiku, madziwe osambiramo akudzazidwa, pomwe ndalama zochokera ku boma lalikulu kawirikawiri zimagawidwa poyang'ana anthu okhazikika amene anawerengedwa pa kalembera, osati alendo. Ndiye palinso ichi: kukonza pampu kulibe riboni yodula. Wandale amafuna chinthu chooneka, chipata chokongola cholandirira alendo, maluwa pa raundabauti. Za pansi pa nthaka ndani angaziombere m'manja?

Masiku amene ndinkagona pa benchi kuchipatala tulo sitinkabwera, ndinkangowerenga pafoni kufuna kudziwa ngati ndife tokha otembereredwa. Ayi ndithu. Ku South Africa, pa chisankho cha makhonsolo cha pa 1 November 2021, chipani cholamula cha ANC chinatsika pansi pa theka la mavoti koyamba chiyambire 1994, ndipo makhonsolo 66 anatsala opanda chipani chopambana moti n'kulamulira chokha. Anthu oposa theka la olembetsa sanapite n'komwe kukavota. Ku Durban, kumene anthu amakhamukira kukasamba m'nyanja, madzi osefukira a mu April 2022 anaononga mapaipi ndi malo oyeretsera suweji, magombe n'kumatsekedwa mobwerezabwereza chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Ndinkaganiza za amayi ngati ine a kumeneko, amene anatenga ngongole kudikira December. Ngakhale kwa azungu zilipo. Pakatikati pa mzinda wa Venice ku Italy pankakhala anthu pafupifupi 175,000 mu 1951, koma mu 2022 anatsika kufika pansi pa 50,000, eni mudzi akuthawa mudzi wawo alendo akudzaza. Mumzinda wa Barcelona ku Spain anthu atatopa ndi kukwera kwa lendi anasankha Ada Colau, mayi amene ankatsogolera gulu lokana kuthamangitsa anthu m'nyumba, kukhala meya mu 2015. Mu 2023 mpando unapita kwa Jaume Collboni wa chipani china, koma iyenso mu June 2024 analengeza kuti nyumba pafupifupi 10,000 zochititsa lendi kwa alendo zidzalandidwa malaisensi pofika November 2028. Apa ndi pomwe ndinaona kusiyana. Kumeneko meya anasintha, koma nkhani ya anthu sinachoke patebulo, chifukwa aliyense wofuna mpando ankadziwa kuti akaisiya agwa nayo. Kwathu tinkasintha nkhope, nkhani yathu n'kumaiwalika tsiku lomwelo lowerenga mavoti.

Ndiye achimwene, musawakhulupirire. Aliyense. Wachipani chakale, wachipani chatsopano, woima payekha, onse akafika pa mpando foni imayamba kuvuta netiweki. Makamaka amene akubwera n'kumati ndine mwana wa konkuno, ameneyo mumuyang'ane kawiri.

Komabe kavoteni, ndipo chipani chakalecho chichotseni. Inde, ndikudziwa kuti ndangokuuzani kuti kusinthako kunandibweretsera suweji m'nyumba. Koma tikanakhala phee ndi akale aja bwenzi ngakhale kapepala ka nambala sakutipatsa. Wodi yomwe wandale akudziwa kuti ndi yake zivute zitani, sapondako. Paipi yanga anadzaikonza liti, mukudziwa? Khansala wa wodi yoyandikana nafe atamwalira, kutatsala masabata atatu kuti kuchitike chisankho chachibwereza, pomwe mpando umodzi womwewo ukanagwetsa mgwirizano wonse. Anakumba usana ndi usiku, pampu yatsopano inapezeka kuti ilipo. Ndalama zomwe zinkasowa chaka chonse zinatulukira. Ndiye muwasiye azigona ndi mantha. Musavale malaya a chipani chilichonse, musapereke bwalo lanu ngati mmene ndinachitira ine, asadziwe kuti muli mbali iti mpaka tsiku lomaliza.

Ofuna mpando akabwera, musawafunse za chitukuko, liwu limenelo amalikonda chifukwa silimanga munthu. Afunseni kuti pampu ya suweji ya dera lanu ili pati. Ambiri sadziwa. Afunseni kuti pakapanda wopambana mokwanira adzagwirizana ndi ndani, ayankhe pagulu, wina ajambule pafoni. Ine funso limeneli sindinafunse, ndipo ndi limene linandipweteka. Kumisonkhano ya bajeti ya khonsolo muzipitako, muone kuti ya kukonza zinthu zakale aika zingati poyerekeza ndi ya zokongoletsa msewu wa alendo. Ine ndinapitako kangapo, kunena zoona palibe chomwe ndinaphulapo, ankatipatsa mpata woyankhula anthu atayamba kale kunyamula zikwama. Koma pitanibe, mukhale ambiri, muzikalemba zomwe alonjeza ndi tsiku lake.

Eni mahotela akuluakulu ndimawada mumtima, sindibisa, galimoto ija sindinaiiwale. Koma muwakokere kumbali yanu. Zonyansa za kumsewu wachiwiri zimatsikira m'nyanja yomwe alendo awo akusambamo, ndipo bwana wa hotela akaimba foni ku khonsolo imayankhidwa ikangoitana kamodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akangomva fungo kamodzi chaka chamawa apita gombe lina, ndipo eni mahotela amadziwa zimenezo kuposa ife. Mukatenge madzi a pagombe m'botolo loyera mukayezetse, zotsatira zake mukawaonetse iwowo poyamba, musanapite nazo kwa khansala.

Ndipo ngati nyumba yanu ili motsika kuposa za anzanu, musadikire chisankho. Itanani pulambala akuikireni valavu yoletsa madzi a suweji kubwerera m'nyumba. Ine ndinaika nditamaliza kubweza theka la ngongole ija. Matiresi atatu ndinawotcha. Mwana wanga anachira, koma chipinda chachitatu salowamo mpaka pano, ngakhale kukapereka thaulo amatuma mnzake. Tchuthi chayandikiranso, zipinda 4 zalipiridwa kale, ndipo usiku uliwonse ndisanagone ndimapita m'bafa lija n'kugwada, khutu pa kabowo kaja, kumvetsera.