Kwa achemwali amene amalira m'bafa asanapite ku ntchito

Kalata iyi yakhala mu imelo yanga masiku 9. Ndimaitsegula, n'kuitseka, usiku n'kuitsegulanso. Alemba ndi mayi wina amene wagwira ntchito zaka zambiri pakampani yaikulu. Malipiro ndi abwino, abwana ake si oipa, palibe amene akumuzunza. Koma akuti m'mawa uliwonse amalira m'bafa atatsegula madzi kuti ana asamve. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi ndine munthu wosayamika, kapena pali chimene chafa mwa ine?"

Achemwali, pepani ndachedwa. Funso lanulo landibwezera ku chaka chimene ndakhala ndikuchithawa.

Ine ndinakhala zaka 6 pakampani ina, ndipo ntchito yanga yaikulu inali lipoti la pamwezi. Masamba 40. Ndinkayenda ofesi ndi ofesi kupempha manambala, ena mpaka kuwachonderera ngati ndikupempha ngongole, kenako n'kukhala pansi kuwalowetsa mu Excel, kuwayerekeza ndi a mwezi wapita, kulemba ndemanga pansi pa tsamba lililonse. Sabata yomaliza ya mwezi ndinkaweruka alonda atasinthana kale. Mlonda wa usiku ankadziwa kuti akaona nyali imodzi yoyaka kumtunda, ndiye kuti mwezi watha. Ndipo ndinkalinyadira lipotilo. Ndinkabwereza kuwerengera kawiri, katatu, poopa kuti nambala imodzi yolakwika ingasocheretse akuluakulu pa chisankho chofunika.

Mwezi wina, nditatopa kwambiri, ndinatumiza lipoti la mwezi wam'mbuyo. Lomwelo, ngakhale tsiku la pachikuto silinasinthe. Ndinazindikira mawa lake ndili panjira, thukuta kamukamu, manja kunjenjemera. Tsiku lonse ndinakhala maso ali pafoni ya padesiki kudikira kuitanidwa. Foniyo sinalire. Imelo ija inapita kwa anthu 14, ndipo mmodzi yekha ndiye anayankha kuti "Zikomo, talandira." Patapita masiku atatu ndinatumiza lolondola pamodzi ndi mawu opepesa. Palibe amene anafunsa kuti kodi chasintha n'chiyani.

Sindinakwiye tsiku limenelo. Ndinangozizira mkati. Ndinayamba kuwerengera: malipoti ambirimbiri, mausiku onse aja, tsiku lobadwa la mwana wanga limene ndinafika atagona kale, keke itadulidwa, mbale yanga itavindikiridwa patebulo. Kuyambira pamenepo Lamlungu madzulo m'mimba munkandipotokola. M'mawa ndinkafika ku ntchito bwinobwino, kuimika galimoto, n'kukhala momwemo mphindi 20 nditagwira chiwongolero, miyendo ikukana. Kunyumba ndinasanduka munthu waukali pa zinthu zazing'ono. Mwana ankabwera ndi chithunzi chimene wajambula, ine n'kunena kuti "chakongola" ndisanachione n'komwe. Chimenecho ndiye chimandipwetekabe mpaka lero, kuposa lipoti lija.

Nditayesa kuuza anthu, yankho linali limodzi ngati anapangana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anzako akuyenda ndi makalata m'manja kusaka ntchito, iwe ukudandaula uli pampando wofewa? Ndinakhala chete chaka chathunthu chifukwa cha mawu amenewa, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mwawamva, mwina kuchokera kwa anthu amene amakukondani zenizeni. Poyamba ndinkati akunena zoona, vuto ndine. Lero sindikuvomerezanso. Mawu amenewa ndi oipa. Sachiza kanthu, amangotseka pakamwa munthu amene akuvutika, n'kumuwonjezera manyazi pamwamba pa chisoni. Munthu angathe kuyamika kuti ana akudya ndi kuphunzira chifukwa cha ntchitoyo, ndipo nthawi yomweyo ntchitoyo n'kumamudya. Zonse ziwiri zimakwana mumtima umodzi. Amene akukuuzani kuti musankhe chimodzi sanakhalepo m'galimoto muja.

Ndipo zoti ntchito yokhazikika singavulaze munthu ndi bodza limene linatsutsidwa kalekale. Mu 1967 ku London kunayamba kafukufuku wotchedwa Whitehall, wotsatira amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma la Britain. Onsewo anali pa ntchito yodalirika, m'dziko limene chipatala sichinali chovuta kupeza. Komabe amene anali pa maudindo apansi kwambiri ankamwalira mowirikiza katatu poyerekeza ndi amene anali pamwamba, ndipo kusuta ndi zina zotero zinafotokoza gawo chabe la kusiyanako. Gawo lachiwiri la kafukufukuyu linayamba mu 1985 motsogozedwa ndi katswiri wa zaumoyo Michael Marmot, ndi anthu oposa 10,000, amuna ndi akazi. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti anthu amene alibe ulamuliro pa ntchito yawo, osatha kusankha chochita, nthawi yochichitira ngakhale njira yake, amadwala mtima kwambiri kuposa anzawo. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi. Kale lonse ndinkaganiza kuti wopanikizika ndi bwana wamkulu chifukwa mutu waukulu sulewa nkhonya. Koma thupi limavulala kwambiri pamene munthu akusenza katundu amene alibe naye mawu. Ine ndinalibe mphamvu yochotsa ngakhale tsamba limodzi pa lipoti limene palibe ankaliwerenga.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali nkhani ina imene imandikwiyitsa ndi kundilimbikitsa pamodzi. Akatswiri awiri a ku America, Amy Wrzesniewski ndi Jane Dutton, analemba mu 2001 za anthu okolopa m'chipatala. Ena ankaiona ntchito yawo monga momwe inalembedwera: kusesa, kukolopa, kutaya zinyalala. Ena, pa ntchito yomweyo ndi malipiro omwewo, ankadziona ngati mbali ya ochiritsa. Ankacheza ndi odwala amene sanayenderedwe, ankasonyeza njira abale osochera m'makonde. Palibe anawatuma, anaikonza okha ntchitoyo kuti ikhale ndi munthu mkati mwake. Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndi yokoma. Chondikwiyitsa n'chakuti makampani amaitenga n'kuisandutsa chikwapu: mwaona, vuto ndi maganizo anu, sinthani mmene mumaonera zinthu. Ayi. Okolopa aja ankamuona wodwalayo ndi maso awo, ankadziwa amene akupindula ndi pansi poyera. Wa mu ofesi yaikulu nthawi zambiri saona nkhope ya munthu aliyense amene ntchito yake yamuthandiza, ndipo nthawi zina munthuyo kulibe n'komwe. Msonkhano wolimbikitsa antchito wa maola awiri sungabweretse munthu amene kulibe.

Komabe ndinaphunzirapo kanthu. Panabwera mtsikana wina watsopano amene manambala ankamuopsa, ndipo ndinayamba kukhala naye theka la ola Lachitatu lililonse. Tsiku limene anapeza yekha cholakwika mu akaunti ina n'kubwera akuthamanga kudzandionetsa, ndinapita kunyumba ndili wopepuka koyamba pa miyezi yambiri. Theka la ola pa maola 40. Silinapulumutse ntchitoyo, koma linandionetsa kuti chimene ndinkaopa kuti chafa chinali moyo, chinkangosowa pogwira. Ndinalimbanso mtima n'kukapempha kuti lipoti lija lifupikitsidwe kufika masamba 5. Anavomera mphindi yomweyo, osafunsa funso. Kuvomera kofulumirako kunandipweteka kuposa kukana.

Ndinachoka patapita miyezi 14. Ndisakunamizeni, kuchokako sikunandichize tsiku limodzi. Ndalama zinachepa, ndipo ndinapeza kuti kwa zaka 6 ndinali nditasiya chilichonse chimene sichinali ntchito: anzanga, mabuku, kuimba kumene ndinkakukonda. Munthu akandifunsa kuti ndine ndani, ndinkatchula dzina la kampani. Ndinasenzetsa ntchito katundu wonse wa moyo wanga, ndiye itagwa, zonse zinagwera pamodzi. Apa ndiye ndimaumirira: ntchito ikhoza kukhala ndi phindu lenileni, ndipo tiyenera kulifuna, koma palibe kampani imene iyenera kusunga chifukwa chanu chonse chodzukira m'mawa.

Kutopa ndi ntchito, kapena matenda?

Mbali iyi musaidumphe. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutoperatu ndi ntchito (burnout) ngati vuto lochokera ku kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito, lokhala ndi zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima mpaka kuinyoza, ndi kumva kuti palibe chimene ukukwanitsa. Analitchula kuti ndi la ku ntchito, osati matenda paokha. Matenda a kukhumudwa ndi ena, ngakhale zimayendera limodzi kawirikawiri. Amenewa samatsala ku ofesi. Amakutsatirani Loweruka, patchuthi, pakati pa anthu amene mumawakonda. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mtima uli pansi pafupifupi tsiku lililonse, zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, tulo ndi kudya zasokonekera, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Amachiritsika. Ndipo mawu anu aja oti "pali chimene chafa mwa ine" andidetsa nkhawa, choncho ndifunse mosabisa: kodi maganizo ofuna kudzipha amabwera? Ngati amabwera, uzani munthu lero lomwe, ndipo mupite ku chipatala osadikira kuti sabata ithe. Ine ndinapita kwa mlangizi mochedwa, ndipo ndimalakalaka ndikanapita chaka chija chimene ndinakhala chete.

Zotsalazo ndi zazifupi. Musalembe kalata yosiya ntchito usiku mutangotha kulira. Kwa masabata atatu muzilemba madzulo chinthu chimodzi chimene chakuyamwani mphamvu ndi chimodzi chimene chakubwezerani, ngakhale chochepa bwanji, ndipo mudzaona ngati vuto ndi ntchito yonse kapena mbali zake ziwiri zokha. Mbali zimenezo kapempheni kuti zisinthe, chifukwa ine ndinavutika zaka ndi chinthu chimene chinatha ndi pempho limodzi. Werengerani kuti banja lanu limafuna zingati pamwezi, muyambe kusunga, kuti tsiku lochoka likadzafika mudzachoke mukuyenda osati mukuthawa. Bwezeretsani chinthu chimodzi chimene munachisiya chifukwa cha ntchito, ndipo muchipatse tsiku ndi ola lake.

Ndipo muuze munthu mmodzi wamkulu zimene zimachitika m'bafa muja, amene angamvetsere osathamangira kukuuzani kuti muthokoze. Sindinu wosayamika, achemwali. Mukandilemberanso mundiuze mmene Loweruka lanu limakhalira, ngati kulirako kumabweranso tsiku limene simukupita ku ofesi.